Kezia Satsekera Mlendo Chitseko

Kezia Harawa ankasoka zovala pakhonde la golosale ina pa Bolero, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri, msoko wowongoka ndi makani. Mayi ameneyu ukamuuza kuti chakutichakuti sichingatheke, unali utamulemba ntchito.

Matenda anabwera ndi mlamu wake Greyson, mwamuna wa mng'ono wake, Mngoni wa ku Ntcheu wogwira ntchito ku Lilongwe. Anadzacheza ndi mkazi wakeyo kwa masabata awiri, ndipo mufoni mwake munali gemu ya nkhanza zosaneneka. Mugemumo umakhala wekha m'kanyumba ka matabwa, kudziko lozizira mwakuti ku Nyika mu Juni ungati n'kotentha. Nkhuni ukatole wekha mimbulu ikukuzemberera, chakudya ndi tizitini towerengeka, ndipo upirire masiku makumi atatu mpaka okupulumutsa afike. Ukafa, zonse zapita. Umayambiranso tsiku loyamba chimanjamanja.

"Za ana izi," anatero Kezia Lolemba. Pofika Lachitatu mashini anali zii, mabulauzi a amayi a kutchalitchi ali mulu osadula n'komwe.

Anafa ndi kuzizira, anafa ndi mmbulu, anafa ndi madzi oipa. Imfa iliyonse inkamupsetsa mtima, koma mkwiyo wake unkakoma ngati tsabola, woti ukulira uku ukuwonjezera. Posakhalitsa anaphunzira kutchera misampha ndi kusunga moto. Mimbulu inasiya kumuopsa. Chinatsala n'chimodzi chokha, kugogoda.

Pakapita masiku angapo, munthu ankagogoda pachitseko cha kanyumbako, wanjala, akunjenjemera. Gemu inkafunsa kuti utsegula kapena ayi. Kezia ankatsegula. Mlendoyo ankadya, n'kuotha moto, n'kumapita osasiya ngakhale zikomo. Zitini zinkatha, ndipo Kezia ankafa ndi njala tsiku lakhumi ndi chisanu, mwina lakhumi ndi chisanu ndi chitatu akachita mwayi.

"Alamu, musamatsegule," anatero Greyson. "Ine ndinamaliza gemu imeneyi chifukwa sindinatsegulirepo munthu. Anaikamo anthuwo dala kuti akutherereni chakudya."

"Munamaliza muli nokha ngati mfiti," anayankha Kezia osadzutsa mutu. "Ine adada anga anali mkulu wa mpingo ku Nchenachena. Pakhomo pathu munthu sankabwezedwa, olo usiwa utavuta chomene. Kupatsa n'kuika."

"Gemu siidziwa miyambi, alamu. Si anthu amenewo, ndi zithunzi chabe."

"Akugogoda kwa ine, osati kwa inu."

Greyson anali woti anyamuka Lachisanu, ndipo foni inali yake. Ya Kezia inali kakang'ono ka mabatani, kongoimbira ndi kuwunikira. Choncho anali ndi masiku ochepa oti aonetse Mngoni ameneyu, ndi amene anapanga gemuyo kulikonse kumene ali, kuti munthu angathe kufika tsiku la makumi atatu osatsekera mnzake kunja. Anayamba kudzimana. Kamunthu kake ka mugemumo kankadya theka la chitini, kankayenda mtunda wautali kukatchera misampha, kankabwerera moyo utatsala kadontho. Kezia ankakanyadira koopsa.

Lachisanu m'mawa anaperekeza mlamu wake kusiteji, monga amachitira munthu wolemekeza mlendo, kungoti chikwama ananyamula ndi mng'ono wake. Iye maso anali pafoni, mapazi akudziyendera okha. Anali pa tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chinayi, pamene anali asanafikepo chiyambire. Nkhuni zinalipo. Chitini chinatsala chimodzi, cha nyemba, chokwanira ndendende kumufikitsa m'mawa.

Minibasi ya ku boma itaima, pachitseko cha kanyumba ka mugemu kaja panamveka kugogoda. Anali mayi wokalamba, wopanda nsapato.

Greyson anasuzumira, nthabwala zonse zitamuthera. "Alamu, chonde. Kamodzi kokha. Mwavutika sabata yonse, mwatsala ndi tsiku limodzi. Palibe adzadziwe."

Kezia ankafuna kupambana, ankafunitsitsa. Anayang'ana mayi wa pafoniyo, kenako mlamu wake.

"Ndidziwa ine," anatero, n'kutsegula.

Mayiyo anadya nyemba zonse, anaotha moto, napita. Kunja kukuyera pa tsiku la makumi atatu, kulira kwa ndege ya opulumutsa kukumveka chapatali, kamunthu ka Kezia kanagwa pafupi ndi moto, osadzukanso. Foni inada bii, kenako panabwera mawu aja ofunsa ngati akufuna kuyambiranso.

Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo sanaibise. Greyson anatambasula dzanja mwaulemu kuti alandire foni yake.

"Tiyeni bwana, nthawi!" anakuwa kondakitala akumenya chitseko cha minibasi.

Kezia anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kudina poyambiranso. Kamunthu kake kanadzuka m'kanyumba kozizira kaja, tsiku loyamba, chimanjamanja.

"Yewo, adada, pitani," anauza kondakitala uja, foni ataigwira ndi manja awiri. "Awa sakwera lero. Ndi mlendo wanga, ndipo sindinawatsanzike."