Akazi Ogona Masana kwa Nsamala

Lukiya anali mayi wa geni ya matemba. Ankachoka ku Chikweo panjinga, dengu kumbuyo, kukapikula nsomba kwa asodzi a ku Chiuta, n'kukagulitsa ku Nayuchi kwa anthu odikira sitima. Pamchenga pomwe amuna ankatsika n'kumakankha njinga, iye ankapalasa mpaka kutulukira.

Chaka chimene anthu ankavala masiki, anadwala chifuwa ndi kutentha thupi. Chifuwacho chinatha, fungo la chakudya linabwerera m'mphuno, koma mphamvu sizinabwerere. Akasesa pakhomo lero, mawa ndi mkuja ankakhala chigonere, miyendo ili lobodo, m'mutu ngati mwalowa nkhungu. Tulo ankagona ndithu, koma ankadzuka ngati munthu woweruka kumunda.

Mwamuna wake, Mohamedi, anayenda naye zipatala. Malungo palibe, shuga palibe, TB palibe, kachilombo palibe. Dokotala wina anamuuza kuti achepetse maganizo. Kumjigo azimayi anali ndi yankho lawolawo: ankati pali wina amene amamutenga ali m'tulo kukamulimitsa m'munda mwake. Lukiya sankazikhulupirira, komabe m'mawa ankangozindikira akuyang'ana zikhatho zake ngati zatuluka matuza.

Patapita zaka, mlangizi wa zaumoyo anawauza kuti ku Balaka kwabwera gulu lofufuza anthu amene sanachire bwinobwino matenda aja. Anakwera minibasi, Lukiya atatsamira phewa la mwamuna wake njira yonse. Kumeneko anawalandira nesi wina, dzina lake Ida. Iye sanafunse chifukwa chake munthu wooneka wathanzi akupempha kugona pabenchi. Anangomupatsa pilo.

"Ife tikuganiza kuti asilikali a m'thupi mwanu sanamve kuti nkhondo inatha," anatero Ida. "Akumenyanabe, chonsecho mdani anachoka kalekale. Ndiye tikufuna tione magazi anu, tionenso majini anu."

Mohamedi anadzidzimuka. "Majini? A shehe anamuwerengera kale pemphero la dua, anati alibe."

"Iyayi bambo, sindikunena ziwanda. Ndikunena tinthu tobisika m'thupi timene munthu amatengera kwa makolo, ngati mmene mwana amatengera mphuno ya bambo ake. Mayi, kumtundu kwanu alipo anadwalapo chonchi?"

Lukiya sankadziwa. Mayi ake, a Agnesi, anamwalira iye ali mtsikana. Kwawo kwa mayiwo kunali kwa Nsamala, m'banja la Akatolika, ndipo anathawa ndi msodzi wa ku Chiuta osabwererakonso. Lukiya akawafunsa za kumudzi ankayankha mwachidule kuti, "Kumeneko kulibe anthu oyenda," n'kusintha nkhani. Ankangodziwa dzina la mudzi ndi la mkulu wawo wa mayi akewo, Anastasia.

Ida anati kafukufukuyo amafunanso magazi a achibale, ngati iwowo avomera. Mawa lake anawatenga onse awiri pagalimoto la ofufuza.

Anafika dzuwa lili pamutu. Midzi imene anadutsa inali ndi phokoso lake: chigayo, mawailesi, ana othamangira galimoto. Koma atafunsa za kwa a Anastasia, bambo wina anangoloza ndi chibwano kanjira kolowa m'thengo, osasuntha phazi.

Kanjirako kanawafikitsa pa nyumba zingapo zoyandikana. Munda wa nandolo unali utamera tchire mpaka pafupi ndi khonde. Pabwalo panali poyera, posesedwa bwino, koma panalibe wailesi, panalibe tambala, ngakhale galu. Mazenera onse anali otchinga ndi zitenje.

"Odi!" anaitana Mohamedi. Mawu ake anamveka aakulu mochititsa manyazi.

Ndi pomwe Lukiya anawaona. Pansi pa mtengo wa mango, mumthunzi wakuda bii, panali mphasa zoyalidwa mondondozana, ndipo pamphasa iliyonse panagona mayi. Ena anali okalamba, ena amsinkhu wake. Onse anagona chammbali, dzanja limodzi litaphimba maso. Ndi mmene Lukiya nayenso ankagonera, ndipo palibe anamuphunzitsa.

Wokalamba kwambiri anachotsa dzanja kumaso pang'onopang'ono. Nkhope yake inali ya mayi ake a Lukiya, koma itakalamba ukalamba umene iwo sanaufikire.

"Ndiwe wa Agnesi," anatero monong'ona. "Unayamba liti?"

Lukiya anagwada. "Chaka cha masiki, amayi aakulu."

"Ine chinali chikuku. Uyu, malungo aakulu. Uyo apoyo, chimfine wamba, ali ndi mwana kumsana. Matenda amabwera, amapita, ife n'kutsala pano." A Anastasia anapuma kaye, ngati mawuwo anali katundu. "Mayi ako ankati akathawira kutali siziwapeza. Emmie, yala mphasa."

Kuseri kwa nyumba kunatuluka mayi wamfupi, wojintcha, manja ali ndi thovu la sopo. Uyu anali Emmie, mwana womaliza wa a Anastasia, mkazi yekhayo woyenda pamudzipo. Ndiye ankatunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kusambitsa onsewo. Amuna a pakhomopo ena anamwalira, ena anabwerera kwawo atatopa. Tambala anamupha ndi Emmie yemweyo, chifukwa kulira kwake kunkawabaya odwalawo m'mutu. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mphasa yatsopano, n'kuiyala kumapeto kwa mzere.

"Mayi a Sabiti, tiyeni tizipita," ananong'ona Mohamedi kwa mkazi wake. "Malo ano sakundisangalatsa."

Koma maulendo a masiku amenewo anali atamupeza Lukiya. Miyendo inakana. Anagona pamphasapo, nkhope ikumva kuzizira kwa nthaka, ndipo palibe anamufunsa kuti kodi adzuka nthawi yanji. Misozi inangotsika yokha.

Ida anafotokoza za kafukufuku motsitsa mawu, mphasa ndi mphasa. Azimayiwo anavomera mmodzimmodzi, aliyense akutambasula mkono osadzuka. Emmie anapereka wake ataimirira, akuseka kuti mwa iye sapezamo kanthu. Atatha onse, Ida anatseka bokosi la magaziwo n'kunyamuka.

Lukiya anati atsala masiku ochepa kuti apezeko mphamvu. Mohamedi anabwerera ku Chikweo kukayang'anira ana ndi munda, n'kumabwera mwezi ukatha. Nthawi iliyonse ankafunsa ngati anyamuke, ndipo nthawi iliyonse mkazi wake ankati mwezi wamawa. Pansi pa mango anthu sankacheza kwenikweni, koma Lukiya anaphunzira kuzindikira kapumidwe ka aliyense.

Mvula itatha Ida anabweranso. Magazi aja anali atapita kutali kukapimidwa. Anati mwa odwala onse asilikali a m'thupi ankaoneka otheratu, ndipo pa zotengera kumtundu panali chizindikiro china chofanana, chimene ofufuza anachionanso mwa odwala ena. Sakanalumbira kuti ndicho chimayambitsa.

"Nanga mankhwala?" anafunsa Lukiya.

"Pakadali pano palibe, mayi. Chimene tikuona n'choti munthu akadwala matenda otentha thupi asadzikakamize. Apume mpaka thupi livomere lokha. Mwina zingathandize, mwina ayi."

Kenako Ida anaitanira Emmie kuseri kwa nyumba. Anakhalitsako, ndipo Lukiya anazindikira kuti chizindikiro chija anachipezanso mwa Emmie. Pobwera Emmie ankaseka mokweza kuposa masiku onse, n'kunyamula ndowa ulendo wa kumjigo, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

M'nyengo yozizira chimfine chinalowa m'mudzi. M'mawa wina Lukiya anamva Emmie akutsokomola kukhitchini. Mawa lake anamumva akubwera ndi madzi, mapazi akukhwekhwereza, kenako ndowa inatera pansi pakati pa bwalo, pomwe sinkatera. Pansi pa mango manja onse anachoka kumaso.

Lukiya anadziwa kuti akadzuka thupi lidzamulanga kwa masabata. Anadzukabe. Anayenda chogwira khoma mpaka pomwe Emmie anawerama, thupi likutentha ngati mbaula.

"Kagone, Emmie."

"Achemwali, ndikagona ine mumwa chiyani?"

"Kagone m'nyumba, pabedi. Osati pansi pa mtengo."

Anamukankhira m'nyumba, n'kutenga foni yake kuimbira Mohamedi. "Bambo a Sabiti, ana akakhale kwa achemwali anu. Inu bwerani lero. Muzidzatunga madzi."

Mohamedi anati, "Inshallah, ndifika."

Anafika, ndipo anatunga. Azimayi a kumjigo ankamupatukira njira osamuseka. Anaphika, anachapa, analambula tchire la m'munda. Emmie akafuna kudzuka, Mohamedi ankaima pakhomo n'kumupempha mwaulemu kuti abwerere. Koma Lukiya anakhala masabata osatha ngakhale kutafuna bwino.

Mitengo itayamba kuphukira, Emmie anatuluka, n'kutenga tsache. Anasesa bwalo lonse. Mawa lake anadzuka n'kusesanso, mkuja chimodzimodzi. Mohamedi anathokoza Mulungu mokweza. Lukiya anatembenukira kwa a Anastasia kuti aone ngati akumwetulira.

"Nanenso ndinadzuka," anatero a Anastasia, dzanja lili kumaso. "Ndinasesa mwezi wathunthu."

Mwezi unatha Emmie akuyendabe. Unatha winanso. Ida atabwera kudzatenganso magazi anamufunsa mafunso ambiri, koma sanalonjeze kanthu. Mohamedi anagulitsa munda wa ku Chikweo, anatenga ana, n'kumanga kanyumba kumapeto kwa bwalo. Mpaka lero Emmie akuyenda. Koma m'mawa uliwonse, tsache likayamba kulira pabwalo, azimayi a pansi pa mango amagwira mpweya, kumvetsera ngati lifike kumapeto.