Njinga ya Nanzikambe

"Alamu, musailize. Mulibe oyilo."

Make Mlonda ananena mawuwa kawiri, koyamba ali pakhomo la khitchini makapu ali m'manja, kachiwiri ataima pambali penipeni pa mlamu wakeyo, mkulu wa malemu mwamuna wake. Mlamuyo anali akadali m'jekete lomwe anavala kumanda dzulo lake. Anapukusa mutu, nati nkhani za injini azisiyira amuna, iye akungofuna kumva mawu a njinga ya mng'ono wake.

Njinga yamotoyo inkakhala pabalaza, pomwe anthu ena amaika sofa. Inali yobiriwira, yowerama kutsogolo ngati galu wofuna kuluma, ya mtundu wopangidwira mpikisano. Mlamuyo anatembenuza kiyi, nadina batani. Inabangula mpaka magalasi a mawindo ananjenjemera. Kanyale kofiira kanayaka koma iye sanakaone, anali kalikiliki kupotokola chogwirira, akumwetulira kwa nthawi yoyamba chimwalirire m'bale wake. Kuchipinda mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Kenako munamveka phokoso ngati la misomali m'chitini, njinga ija inatsokomola, n'kukhala chete. M'nyumba monse munadzaza fungo la chitsulo chopsa.

Make Mlonda anapita kuseri, nabwera ndi beseni lomwe ankasambitsira mwana, naliika pansi pakati pa balaza. Munali oyilo wakuda bii.

Mwamuna wake anakhetsa oyiloyo Lamulungu lomaliza asanadwale. Watsopano anati agula mwezi ukatha, chifukwa njingayo sinkamwa oyilo wamba, inkafuna wake wam'botolo lasiliva, ndipo fyuluta yake inkachita kuitanitsidwa kunja. Anakangana tsiku limenelo chifukwa cha beseni. Lachiwiri lake anayamba kutsokomola, chibayo chinamugwira, ndipo anakafera pabedi la m'chipatala, munthu yemwe mkazi wake ankadziwa ndi mtima wonse kuti adzafera pamsewu.

"Ndiye bwanji simunanene momveka?" anatero mlamu uja, akuyang'ana beseni. "Munanena ngati mukupepesa."

Apongozi ake, amayi a malemu, anali pampando wa pulasitiki womwe unatsala pa maliro. Sanadzudzule mwana wawo wamoyo. Anayang'ana njingayo ndi maso otupa, nati chinthu chimenechi chinamudya mwana wawo akadali moyo. Nsapato zake zinkalowa madzi, koma tcheni cha njinga chinkadzola mafuta. Make Mlonda sanatsutse, popeza iyenso mawu omwewo anawanenapo kambirimbiri, mwina oposa pamenepo.

Makaniko anabwera dzuwa lisanafike pamutu. Anagwada, nasuzumira, nayesa kutembenuza injini ndi sipanala, ndipo inakana. Anati yanoka, zitsulo zam'kati zagwirana, ndipo mtengo woikonzera munthu angagulire kagalimoto koyenda. Koma anawalimbitsa mtima kuti njinga zoterezi zikafa ndiye zimalemeretsa. Eni ake a njinga zinzake amasowa tulo ndi masipeya. Mabuleki ali ndi wowafuna, nyale ili ndi woifuna, mapulasitiki obiriwirawo anthu angachite kulimbirana. Bola kuiphwasula n'kugulitsa chimodzichimodzi. Anagwirizana ndi mlamu uja kuti abwera mawa m'mawa ndi bokosi la zida.

Palibe anafunsa make Mlonda. Ankamva zonse ali kukhitchini, akutsuka makapu otsukatsuka kale. Anamva mlamu wake akunena kuti ndalama asunga yekha kaamba ka mwana, kuti nyumba ya lendiyi aibweze kwa mwini wake, ndipo mayi ndi mwana akakhale kwa apongozi, kumene kuli chipinda chosungiramo katundu chomwe angathe kusesamo. Anadzipeza atagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onse awiri.

Mwana anabwera kudzamukoka siketi. Anali kamtsikana ka zaka zitatu, kosagona tulo tolemera chibadwire. Supuni ikagwa, kankadzuka. Galu akauwa kutsidya kwa msewu, kankadzuka. N'chifukwa chake bambo ake anakatcha Mlonda, ndipo dzina lenileni linatsalira m'buku la kusikelo.

Masana kunabwera mlendo yemwe sanamuonepo, mayi wa imvi zometa mwachidule, atavala buluku lakuda. Anati ndi dokotala wa mano, chipatala chake chili kumunsi kwa msewu womwewu, ndipo ankakwera njinga limodzi ndi malemu masiku a Lamulungu. Pa maliro sanathe kufika, anali ulendo. Apongozi atangomva za njinga anadzuka n'kukagona. Mlamu anali panja pa foni, akuitanira malonda zinthu zomwe zinali zisanamasulidwe n'komwe.

Dokotalayo anapepesa maliro, namwa tiyi theka, maso ake akubwererabwerera ku njinga. Atamva zomwe zachitika m'mawa anatsinzina ngati wina wamuponda chala. Make Mlonda, yemwe sankakonda kuyankhula ndi alendo, anangoona mawu akutuluka okha. Anamuuza za Malamulungu onse omwe anakhala pawindo foni ili m'manja, kudumpha ikalira, kuona m'maganizo mwake mwamuna wake atamwazika pa phula. Anati anthu a gulu lawolo ankawada asanawaone.

Dokotala uja anaika kapu pansi.

"Mayi, sanakuuzeni dzina lomwe tinkawatchula?"

"Ayi."

"Nanzikambe."

Anatsika pampando, nagwada pafupi ndi tayala lakumbuyo, namukodola kuti abwere. Anamugwira dzanja n'kuliyendetsa pa tayalalo. Pakati panali posalala, podyeka. M'mphepete munali mokhakhala, muli tinyanga ting'onoting'ono ta labala.

"Wothamanga amapendekeka pokhota, tayala limadyeka mpaka m'mbali. Iti n'takufakitale, sitinagundepo msewu. Amuna anu ankakhota ngati anyamula mazira. Ife tinkafika, kumwa tiyi, kulipira, ndiye iwo n'kumatulukira."

Anati ankawaseka kwambiri. Ena ankati agule njinga yakapalasa, ena ankati awamangirire chingwe. Iwo ankangovula chipewa n'kunena kuti tayala limodzi ndi malipiro a mwezi, alibe bambo wowagulira lina. Koma tsiku lina dokotalayo atawapanikiza ali awiri, anayankha zina.

"Anati, kunyumba kuli mlonda, amawerenga anthu asanagone."

Make Mlonda anachotsa dzanja pa tayala. Chomwe chinamubwerera poyamba sichinali chisoni, unali mkwiyo. Zaka zonsezi munthuyu ankamusiya akuwauka ndi mantha pawindo, n'kumabwera akuyenda monyang'wa ngati wapambana mpikisano, osanena kuti amafika womaliza. Anafuna kumufunsa chifukwa chake. Anatembenukira kukhomo la chipinda, kumene malaya ake antchito anali akadali pa msomali, ndipo m'pamene anamvetsa bwinobwino, kuposa pamene dothi linkagwera pa bokosi, kuti palibenso womufunsa.

Potsanzika dokotalayo ananena motsitsa mawu kuti kuseri kwa chipatala chake kuli garaja, ndipo wosesa amatsegula kusanache. Sakugula, sakulonjeza kukonza. Ndi malo chabe, pomwe chinthu chingaime chathunthu mpaka mwini wake ataganiza bwino.

Madzulo mlamu analowa akupukuta foni pa jekete. Anali atamasula kale galasi limodzi loonera kumbuyo, likusuzumira m'thumba mwake. Mlonda anali ataima pafupi ndi njinga, akuisisita pa thanki monga ankachitira bambo ake akamuika pamenepo. Anayang'ana pomwe panali galasi, nati khutu la njinga lapita kuti.

Make Mlonda anatembenukira kwa mlamu wake.

"Alamu, njingayi ndi ya mwanayu. Ndimati isaphwasulidwe kaye."

"Mwana amadya chitsulo?" Mlamuyo sanakweze mawu. "Inu mlamu, dzana lomweli mumati chinthuchi chichoke m'nyumba. Lero chasanduka m'bale wanu? Pumulani, zinazi tisiyireni."

Anatsanzika amayi ake, nati afika m'mawa ndi makaniko, napita kukagona kwake. Kiyi anatenga, koma chiwongolero sanakhome.

Apongozi anamwa mankhwala awo a tulo kusanade. Asanatseke maso anamugwira mpongozi wawo pamkono, namuuza kuti asamuone mlamu wake ngati woipa, naye walira m'njira yakeyake. Make Mlonda anavomera, nawafunditsa bulangete. Sankawada. Ankangodziwa kuti akakhala mpaka makaniko atafika, pofika masana pabalaza padzatsala banga la oyilo, ndipo iye ndi mwana wake adzanyamulidwa pambuyo pa mipando.

Analongedza chikwama chimodzi: zovala za mwana, buku la kusikelo, malaya aja a pa msomali. Mkulu wake wa bere limodzi ankakhala kutsidya kwa tauni, ndipo basi yoyamba yopita kumeneko inkaima pafupi ndi chipatala cha mano. Kenako anapita pabalaza. Kukankha njingayo ankadziwa, chifukwa Loweruka lililonse ankaisuntha pokolopa, mwamuna wake ataima pambali manja ali m'malere ngati akuphunzitsa mwana kuyenda. Anafinya kilachi, nagogoda ndi phazi mpaka inachoka m'giya. Anaikankha pang'ono. Inayenda, yolemera ngati ng'ombe, koma inayenda. Kuchoka pageti msewu unali wotsetsereka, ndipo buleki yakutsogolo ankaidziwa. Adzabereka mwana, adzatuluka kusanache.

Chinatsala chinali geti. Anakumbukira kuti pomwe ankalowa m'nyumbayi getilo linkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mpaka aneba ankadziwa aliyense wolowa ndi wotuluka. Likadzalira m'bandakucha, apongozi adzadzuka, Mlonda adzalira kumsana. Anatuluka kuti akaliyese kukadali kowala pang'ono, anthu akadali kudutsa mumsewu.

Anakoka chitsulo chotsekera, nakankha. Geti linatseguka osanena kanthu. Analibweza, nalikankhanso. Zii.

Anayesa kukumbukira tsiku lomwe linasiya kulira, koma sanalipeze. Chomwe anakumbukira n'chakuti Lamulungu lililonse ankamva njinga ikuzima kumtunda kwa msewu, ndiye patapita kanthawi n'kungoona mwamuna wake ali kale pakhonde, thukuta lili kamukamu, mwana akadali m'tulo ta masana.

Anawerama, napisa chala pa hinji yam'munsi. Chinatuluka ndi mafuta oyera, onanda. Anawanunkhiza. Anali a tcheni, a m'chitini chodula chija chomwe chinkabisidwa pamwamba pa wadirobu, chomwe anamukaniza ngakhale dontho limodzi la makina ake osokera. Anabwerera m'nyumba chala chili m'mwamba, nakhudza hinji ya chitseko cha pabalaza, kenako ya chitseko cha chipinda chomwe Mlonda ankagona. Monse munali momwemo.

Sanapukute chalacho. Anakhala pansi pafupi ndi tayala lakumbuyo, chikwama chili pamiyendo, nayamba kudikira.