Mkaka wa Chiku

Tamara adaima pakati pa chipinda atanyamula Chiku, bulauzi itanyowa ndi mkaka wodontha wokha. Mwanayo ankalira mpaka mawu kusasa, kukamwa kukufunafuna bere, koma manja a mayi ake ankakana kumasula batani.

Dzulo lake, atangoyamwa, Chiku adabweza mkaka m'kamwa ndi m'mphuno momwe. Adatsamwa, milomo n'kuda, ndipo Tamara adakwera naye njinga yamoto kuchoka ku Chinsapo mpaka kuchipatala. Kumeneko adamuyeza, nati mkaka ukumabwerera kukhosi ndipo wina ukumalowera njira ya mpweya. Namwino adamulangiza kuti aziyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mutu uli m'mwamba, akatha azimunyamula choimika kufikira ageye. Milomo ikadanso, abwerere msanga.

Zonsezo adazimva. Koma chifikireni kunyumba, akangoona kakamwa kaja katayasama, mtima wake unkathawa. Bambo ake a mwana anali ku ntchito ku Kanengo, ndipo foni yawo sinkayankhidwa.

Chitseko chidatseguka. Adalowa Mayi Dailesi, eni nyumba ya lendi yomwe Tamara ankakhalamo, atatenga kapu ndi sipuni.

"Amake Chiku, mwanayu watilirira kuyambira m'mawa. Mkaka wanu ngwamadzi, n'chifukwa chake sukhazikika m'mimba. Ndaphika kaphala aka, m'patseni."

"Amayi, ali ndi miyezi itatu yokha. Kuchipatala anati phala ayi."

"Iwowo anati ayi, inu bere simukum'patsa. Ndiye adye chiyani, mphepo? Ine ana anga onse ndalera ndi phala, mukuwaona akuyenda."

Tamara adayang'ana kapuyo. Mayi amenewa ndiwo adamuperekeza kukachira, ndiwo adamusambitsira mwana mchombo usanagwe. Kuwakanira kunali ngati kuwalavulira m'manja. Komanso mumtima mwake munali kamawu konong'ona kuti: aleke amudyetse, chikachitika china sudzakhala iwe. Sipuni idafika pafupi ndi chibwano cha Chiku, m'chifuwa mwake mukulira ngati kamphaka kotsekeredwa.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Tamara adatembenuka, n'kutchinga mwanayo ndi phewa.

"Pepani Amayi. Akatsamwa ndi phala sitikafika naye kuchipatala. Ndimuyamwitsa ndekha. Koma musachoke, ndikuopa."

Nkhope ya Mayi Dailesi idagwa. Kenako adaika kapu pawindo, nakoka mpando.

"Khalani apa. Tsamirani khoma."

Tamara adakhazika Chiku pantchafu choimika, dzanja limodzi litachirikiza khosi. Mwanayo adagwira bere mwaukali, akumeza kuti gudyu gudyu. Asanakhute, mayi ake adalowetsa chala pambali pa kamwa n'kumuchotsa. Chiku adakuwa mokwiya, kenako kulirako kudaduka. Maso adatong'oka, kathupi kadauma.

"Mayo, mwana!" adafuula Mayi Dailesi.

Tamara adamuweramitsa padzanja, nkhope kuloza pansi, namusisita pamsana. Chipinda chonse chidati zii, kunja kukumveka ogulitsa makala akuitanira malonda. Kenako Chiku adatsokomola, timkaka tidagwera pachitenje, ndipo mpweya udalowa ndi kaphokoso. Tamara adamutembenuza n'kuyang'ana milomo. Inali yofiirira bwinobwino.

"Wapuma," adatero. "Wabweza pang'ono chabe. Wambiri watsala m'mimba."

Adamuika paphewa. Patapita kanthawi, mwanayo adageya ngati munthu wamkulu, ndipo Mayi Dailesi adaseka misozi ili m'maso.

"Ndiye mumupatsanso liti?"

"Akapumula. Pang'ono basi."

"Mundiitane. Ndili panjapa, ndikuchapa."

Adatuluka. Tamara sadasunthe pampandopo ngakhale msana unkawawa. Mutu wa Chiku udalemera pang'onopang'ono, kadzanja kake katagwira kolala ya bulauzi, ndipo mpweya wake wofunda, wonunkhira mkaka, unkamugunda m'khosi n'kubwerera, kugunda n'kubwerera.