Sikelo ya Pamwamba pa Kabati

Sopo ndinayamba kupanga mlamu wanga asanadziwe n'komwe kuti padziko pano pali mchimwene wanga. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti timvane. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, zenera limodzi, zikombole zamatabwa, chidebe cha mafuta pakona, manja atasuwa ngati a munthu wochapira anzake. Anthu a mumsewu wathu dzina langa anaiwala kalekale. Amangoti Mayi Thovu, ine n'kuyankha.

Gulu la amayi a bizinesi ndinalowamo litangoyamba kumene, tili asanu ndi awiri. Pano tapitirira makumi anayi. Timakumana Lachinayi masana mu holo ya pamwamba pa sitolo ya zitsulo, masitepe ake otsetsereka moti ukafika pamwamba moni umapereka ndi dzanja lokha. Wotitsogolera ndi mayi wina wamagalasi amene tonse timangoti Aphunzitsi. Amatiphunzitsa kakulungidwe ka katundu, kalankhulidwe ndi ogula, kajambulidwe ka zithunzi pa foni, ndi kutipezera misika imene patokha sitingaifike.

Koma chimene gulu lathu limanyadira kwambiri ndi nthawi ya zolakwa. Phunziro lisanayambe, mmodzi amaimirira n'kuulula chimene anaphonyetsapo pa ntchito yake, Aphunzitsi akujambula mawuwo pa foni. Aliyense wolowa kumene amatumiziridwa mawu onsewo, kuyambira a chaka choyamba, kuti asagwe pomwe anzake anagwa kale. Pamenepo ine ndinali katswiri. Ndikangoimirira, amayi ankayamba kugwira nthiti ndisanatsegule pakamwa. Nkhani ndinanena zambiri, zina ndinaiwala. Zoti munthu wamaganizo ake angakhale pansi n'kumvetsera nkhani zoposa zana za anthu ena, sindinkakhulupirira. Ineyo za anzanga sindinabwerezepo ngakhale imodzi.

Mlamu wangayo ndinamubweretsa ndine. Mchimwene wanga wamng'ono anabwera akukanda m'mutu, amvekere, "Achemwali, mlamu wanu akungokhala pakhomo, mutengeniko ku gulu lanu lija." Ndinamutenga. Fomu ndinamulembera ndine, mpando ndinamusungira ndine, chipande chotakasira choyamba ndinamupatsa ndine. Mtsikana wofatsa, wolankhula ngati mawu amagula, kabuku m'manja nthawi zonse. Ndinkamumvera chisoni.

Chisonicho chinatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lina Aphunzitsi anakweza m'mwamba kamtanda ka sopo kokulungidwa m'pepala lakhaki, komangidwa ndi ulusi, n'kunena kuti, "Amayi, taonani chimene ndimatanthauza." Kanali ka mlamu wanga. Amayi anapatsirana kukanunkhiza, fungo la mandimu, aliyense "mmm, mmm" ngati sanaonepo sopo chibadwire. Kanafika kwa ine, ndinakapereka kutsogolo osanunkhiza. Kuyambira pamenepo ofuna kufunsa za sopo anayamba kundilambalala. Munthu kundipatsa moni ine, funso kukapereka kwa mwana amene ndinamugwira dzanja.

Chimene chinandimaliza ndinachipeza kwa amayi anga ondibereka. Ndinalowa kubafa kwawo, pa kashelefu pali sopo wa mpongozi wawo, woikidwa bwino m'kambale. Wanga ndinakamupeza panja, pa mwala wochapira, akuchapira zopukutira pansi. Nditafunsa anati, "Wakowo ngwolimba, mwanangu, satha msanga." Ati kundiyamikira kumeneko. Nsanje ndinali nayo, sindikubisa. Inkandidzutsa m'mawa, inkandiperekeza kumsika, ndikamadya inkakhala nane pamphasa.

Kenako panabwera nkhani ya oda. Aphunzitsi anatiuza kuti kampani ina ya nyumba zogona alendo ikufuna timasopo ting'onoting'ono toika m'zipinda, zikwi zitatu mwezi uliwonse, kwa zaka ziwiri. Opanga sopo m'gulu tinalipo anayi. Aliyense apange wake, pakatha milungu isanu ndi umodzi mayi wogulira kampaniyo abwera kudzasankha mmodzi. Ndipo poti manja awiri sangakwanitse, pa fomu yolembetsera imene anatipatsa panali mzere wolembapo mnzako mmodzi wa m'gulu woti mugwire naye ntchitoyo. Ine mzerewo ndinausiya wopanda kanthu. Ndinati ndidzaona ndikapambana, adzandipempha okha.

Oda imeneyo ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse. Inali njira yotulukira m'kachipinda kaja, kukakhala ndi malo a pamsewu okhala ndi chikwangwani. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna amayi a m'gulu akumbukire kuti anayamba sopo ndani.

Loweruka lotsatira, cha m'ma naini m'mawa, mlamu anagogoda. Anaima pakhomo la kachipindako, kabuku kake m'khwapa.

"Alamu, pepani ndakusokonezani. Sikelo yanga yagwera m'ndowa, yafa. Ndimati ngati muli ndi ina yapadera mundibwerekeko."

Masikelo ndinali nawo awiri. Ya manambala, imene ndimagwiritsa ntchito, inali patebulo pomwepo. Inayo inali pamwamba pa kabati, yakale ya kamuvi, yobiriwira, mwendo umodzi wothyoka womangidwa ndi waya. Sikelo imeneyo ndi yaulesi. Kamuvi kake kamatsalira m'mbuyo, ndiye ukamayeza kositiki, mankhwala owotcha aja opangira sopo, umathira wopitirira osadziwa. Mafuta timayeza ndi jagi, osati pa sikelo, ndiye amene amachuluka ndi kositiki yekha. Sopo amatuluka wooneka bwinobwino, koma akafika pakhungu amawotcha. Inandionongerapo chidebe chathunthu zaka zoyambirira, kasitomala wina mpaka anasupuka m'khosi.

Ndinakwera pampando, ndinaitsitsa, ndinaipukuta fumbi ndi nsalu yonyowa. Sindinaname ayi. Sanandifunse ngati inali yabwino, ine sindinanene kuti inali yabwino. Anaiyang'ana kanthawi, n'kundiyang'ana ine, kenako anailandira ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, alamu. Nambala yanga muli nayo, eti? Ngati pali china choti ndidziwe."

"Palibe. Kapangeni sopo."

Milungu isanu ndi umodzi imeneyo sindinakhale pamtendere. Sopo akathiridwa m'chikombole amafuna mwezi wathunthu kuti akhwime, ndiye wolakwitsa poyamba alibenso nthawi yobwereza. Ndinkadziwa zimenezo, ndipo n'chifukwa chake masiku atatu oyambirira foni ndinkaitenga kuti ndimuchenjeze, n'kuibwezanso. Lachinayi lake ndinakamupeza ku gulu atakhala ndi Wamakandulo, mayi wina wonenepa wopanga makandulo, akuseka limodzi. Aphunzitsi anadutsa n'kumugwira paphewa. Ine sanandigwirepo paphewa zaka zonsezi. Foni imene ndinali nditatulutsa ndinaibwezera m'chikwama, n'kutseka zipi.

Tsiku losankha linafika. Matebulo anayi kutsogolo, nsalu zoyera, beseni la madzi ndi thaulo pambali. Mayi wogula uja anali wamng'ono thupi, wosaseka, nsapato zake zogogoda. Sopo wanga ndinamuika m'mizere yowongoka, woyera, wolimba, wopanda chilema. Wa mlamu anali m'kadengu, wachikasu pang'ono, tsamba louma pamwamba pa kamtanda kalikonse. Ngakhale ndinkadziwa chimene chinali m'kati mwake, kukongolako kunandiwawa.

Aphunzitsi anati, "Tisanapereke kwa mlendo wathu, Mayi Thovu atiyesere monga mwa nthawi zonse. Lilime lawo silinama."

Opanga sopo tili ndi kayesedwe kathu. Umagunditsa nsonga ya lilime pa mtanda. Ngati kositiki wachuluka, amakuluma nthawi yomweyo ngati wanyambita batire. Ndinayamba ndi matebulo awiri a anzathu, ali bwino. Wanga, ali bwino. Pofika pa dengu la mlamu nkhope ndinali nditaikonza kale, ya chisoni, ya munthu wamkulu amene akukakamizika kunena zopweteka. Mawu omwe ndinali nawo: pepani alamu, n'kuphunzira kumeneko.

Ndinagunditsa lilime. Palibe. Ndinatembenuza mtandawo n'kugunditsa mbali inayo. Palibe. Ndinatenga wina wa pansi pa dengu, n'kunyambita ndithu ngati mwana ndi siwiti. Amayi anayamba kuseka, Wamakandulo n'kuti, "Mayi Thovu, mutisiyireko, si chakudya chimenecho."

Ndikanatha kunama pamenepo. Ndikanangokwinya nkhope n'kulavula, amayi makumi anayi akanakhulupirira ine. Ndinadzutsa maso, mlamu akundiyang'ana, osaphethira, manja atapinda kutsogolo. Sanali ndi mantha ngakhale pang'ono. Ankangodikira kuti aone pomwe ndithere.

"Ali bwino," ndinatero.

Mayi wogula anasamba m'manja kanayi, sopo aliyense payekha, akununkhiza zala zake. Wanga anati ngwabwino koma ngwochapira. Zomwe zija za amayi anga. Anasankha wa mlamu. Holo yonse m'manja, ena kumukumbatira, ine ndikuomba nawo manja ouma. Aphunzitsi anatenga fomu n'kuwerenga kuti mnzake wogwira naye ntchito ndi Wamakandulo. Munthu wa makandulo! Sopo amamudziwira kubafa basi. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, ndikuti taonani kusayamika, ndinamulera ndine pa ntchito imeneyi.

Anthu akutsika, ndinatsalira kusanja mipando kuti ndisayende ndi aliyense. Mafomu anali patebulo la Aphunzitsi, ya mlamu pamwamba. Sindinaigwire, ndinangowerama. Pa mzere wa mnzako uja panali mayina awiri. Loyamba linali langa, dzina langa lenileni lonse, lolembedwa mosamala ndi inki yabuluu. Linali litadulidwa ndi mzere umodzi wowongoka, wa rula. Pansi pake ndi pomwe panali Wamakandulo, ndi inki yakuda.

"Ndinalemba tsiku lomwe anatipatsa mafomu."

Anali mlamu, ataima kumbuyo kwanga ndi jumbo m'manja. Mu holo tinatsala awiri.

"Ndimati ine ndidziwa fungo ndi kukulunga, inu mudziwa sopo. Ndimati malo a pamsewu aja mumawanenawa tikatsegule limodzi." Anaika jumbo patebulo, mwendo wa waya uja ukusuzumira kunja. "Sikelo yanu iyi. Sindinaigwiritse ntchito. Wamakandulo anandibweretsera yawo tsiku lomwelo, anachita kuyenda wapansi."

"Munadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Nkhani ya nambala khumi ndi ziwiri, alamu. Chaka choyamba. Munaifotokoza bwino kwambiri, yobiriwira, mwendo wa waya, pamwamba pa kabati. Zanu ndinamvetsera zonse kawirikawiri, chifukwa ndinkafuna kukhala ngati inu. Mukuitsitsa paja ndinaizindikira musanaipukute n'komwe."

Ndinagwira msana wa mpando.

"Ndinati mwina aiwala, akumbukira, andiimbira. Ndinadikira mpaka Lachinayi. Munandiona, munatenga foni, n'kuibwezera m'chikwama. Ndiye ndinapempha fomu yanga kwa Aphunzitsi." Anakonza kabuku kake m'khwapa. "Sindinauze munthu, ngakhale achimwene anu. Kwa amayi Lamulungu tikaonana monga kale."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, osatembenuka. Ndipo imvani mmene mtima wa munthu ulili: ngakhale pamenepo ndinamuchitira nsanje. Kufatsa kwakeko, mzere wa rula uja, kusakweza mawu. Ine ndikanakhala iye, msewu wonse ukanamva.

Mu minibasi ndinakhala pampando wakumbuyo, sikelo pamiyendo, waya uja ukundibaya pantchafu. Ndinatsegula foni, kufunafuna mawu a gulu, kutsika mpaka pansi penipeni pomwe sindinafikepo. Nambala khumi ndi ziwiri. Ndinaika foni kukhutu. Anali mawu anga, a zaka zapitazo, onenepa ndi chimwemwe, amayi asanu ndi mmodzi akufa ndi phwete kumbuyo. Ndinadzimva ndikusanzira kasitomala uja akukanda khosi, ndikusanzira kamuvi kaulesi. Kumapeto Aphunzitsi anafunsa kuti nanga sikeloyo munaitaya?

"Ili pamwamba pa kabati," ndinadzimva ndikuyankha, ndikuseka. "Koma amayi, imeneyo sindingabwereke munthu, ngakhale mdani wanga."

Kondakitala anandifunsa kawiri pomwe nditsikire. Siteji yanga tinali titaidutsa kale.