Zaka Zimene Namwino Sanazione

Sutikesi inali yotsegula pabedi, koma mtsikanayo anakana kuikamo ngakhale sokosi. Mayi ake, namwino amene anali atangobwera kuchokera kunja komwe anagwira ntchito zaka zambiri, ankafuna asamukire limodzi kunyumba yatsopano. Mwanayu anamusiya akuphunzira kuyenda, m'manja mwa mng'ono wake, telala. Tsopano anali wamtali kumuposa, ndipo ankamupatsa moni ngati mlendo.

Namwino anapita pakhonde pomwe makina ankalira, n'kumuuza mng'ono wakeyo mosapsatira kuti wamulanda mwana.

Telala anadula ulusi ndi mano, n'kulowa pabalaza, n'kulumikiza foni yakale yosweka galasi ku wailesi yakanema.

"Khalani pansi, achemwali. Izi ndinkakusungirani. Ndinkaopa kukutumizirani zonse, mungamalire muli nokha kutaliko."

Panaoneka kamwana kakugwa pamulu wa zidutswa za nsalu, n'kudzuka kakuseka. Kenako kali mu yunifolomu yofika m'mapazi, telala akudziteteza kuti anasoka yokuliramo. Kenako kopanda mano akutsogolo. Kenako kakudwala katsabola, thupi lonse mbuu ndi mankhwala. Kanema aliyense asanathe, mawu omwewo ankamveka: "Tawabayibitsa amayi ako. Akukugwirira ntchito kumeneko."

Pena wojambulayo, telala yemweyo, ankaonekera pagalasi loyesera zovala. Poyamba anali mtsikana wa masaya onenepa. M'makanema omaliza anali atavala magalasi, imvi zitayamba m'mbali. Namwino anatembenuka n'kumuyang'ana mng'ono wakeyo nthawi yaitali. Zaka zimene iye ankalira kuti zamudutsa, mnzakeyu zinamudutsa pamsana.

"Ndakulakwira," anatero motsitsa mawu. "Zikomo, mwana wa mayi anga."

Telala anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana sasamutsidwa ngati kabati. Namwino anafunsa ngati m'nyumbamo mungapezeke malo a matiresi ena, akhale nawo kaye pompo.

"Alipo. Koma ngati mukulizabe mkonono ngati kale, mugona pakhonde ndi makina."

Kuseka kunamveka kumbuyo kwawo. Mtsikana uja anali ataima pakhomo. Anabwera n'kukhala pamkono wa mpando wa mayi ake, n'kutenga foni ija.

"Mwadumpha ya tsiku limene mayi aang'ono anandimeta ndi sizasi yodulira nsalu," anatero. "Dikirani, amayi, ndikuonetseni."