Makapisozi a Alamu Anga

Mwana wanga wa miyezi isanu ndi inayi anayamba ndi chimfine wamba: mamina, kuyetsemula ndi kutsokomola. Tsiku lachiwiri anayamba kukana bere. Ndinavundikira makina anga osokera kuti ndithamangire naye kuchipatala, koma ndisanatuluke pakhomo alamu anga anatulukira.

Alamu angawa, achimwene awo a amuna anga, anasesapo m'sitolo ya mankhwala zaka ziwiri, ndiye kuyambira pamenepo banja lonse limawatchula kuti a Dokotala. Iwonso amavomera, manyazi alibe. Anamuyang'ana mwanayo ali chiimire n'kunena kuti kuchipatala ndikangotaya tsiku pamzere. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa makapisozi omwe anatsala pamene iwo ankadwala chilonda cha pamwendo. Anatsegula kapisozi mmodzi n'kusungunula ufa wake pasupuni. Amuna anga anangoti, "Achimwene amazidziwa zimenezi, iwe khala pansi." Ndinakhaladi pansi, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Masiku awiri tinamumwetsa ufa wowawawo. Chifuwa sichinasinthe, m'malo mwake anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lachitatu la mankhwalawo m'mawa ndikumusambitsa ndinaona khungu la pansi pa nthiti likulowa m'kati akamakoka mpweya, m'chifuwa mukulira ngati wenzulo. Amuna anga anaimbira foni a Dokotala, ndipo iwo anati tingowonjezera mlingo. Sindinadikire kuti amalize. Ndinabereka mwana n'kuuyatsa ulendo, amuna anga akunditsatira thovu lometera ndevu lili m'masaya.

Namwino amene anatilandira sanatiike pamzere. Anawerenga kapumidwe ka mwanayo n'kumuika timachubu ta mpweya m'mphuno. Zitadekha pang'ono ndinamuonetsa makapisozi aja, ndipo anapukusa mutu.

"Mayi, chimene chikumuvutitsa mwanayu ndi kavairasi ka chimfine," anatero namwinoyo. "Kakalowa m'thupi kamakakhala m'maselo a m'kati mwa njira za mpweya. Maselowo akangokazindikira amatulutsa timadzi toitanira chitetezo cha m'thupi, ngati munthu amene akukuwa kuti kwalowa wakuba. Asilikali a m'magazi amathamangira komweko, njirazo zimatupa, makhololo n'kuchuluka. Kwa munthu wamkulu chimangokhala chifuwa. Koma tinjira ta khanda n'tating'ono kale, tikatupa pang'ono mpweya umasowa podutsa."

Amuna anga anafunsa motsitsa mawu ngati makapisoziwo sachotsa kutupako. Namwino anati ayi, ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, vairasi saipha n'komwe, ndipo woyenera kunena kuti mwana akufunika mankhwala otere ndi wachipatala amene wamuyeza. "Bambo, chimene mwamupatsa ndi kutsegula m'mimba, komanso mwamuchedwetsa masiku awiri. Mukanagonanso naye kunyumba, sindikudziwa kuti tikanakamba zotani."

Ndinatuluka panja n'kukalira, osati ndi mantha okha komanso ndi ukali. Munthu wogwira tsache anali atatsala pang'ono kundiphera mwana, ine mayi wake ndikugwirizira supuni.

Tinagonekedwa masiku anayi. Anandiphunzitsa kuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kumupukuta m'mphuno, kusamba m'manja ndisanamugwire, ndi kumutalikitsa ku utsi chifukwa umawonjezera kutupako. Tsiku lachinayi mwana anagwira bere ndi manja onse awiri, ndipo masana omwewo anatitulutsa.

Alamu anabwera kudzazonda, n'kuyamba kufotokoza kuti tikanawonjezera mlingo uja zonsezi sizikanachitika. Amuna anga, amene sanayankhepo achimwene awo chibadwire, anawauza kuti tiyi amwe, koma mankhwala awo asadzalowenso nawo m'nyumba muno.

Makolo anzanga, makapisozi sachiza chimfine, ndipo mankhwala otsala a munthu wina si a mwana wanu. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikamalowa m'kati, kapena akamakana kuyamwa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Wopereka malangizo amabwerera kwawo kukagona, koma amene akubanika ndi mwana wanu.