Wapha Ndani, Nachisale?

Galasi la tivi lili bii pansi pa kansalu koluka. Lili bii chichitikireni maliro, ndipo Nachisale akavundukula kuti apukute amangodziona yekha m'menemo: duku lakuda, kasanza m'manja, ali chiimire. Kunja Mponela yense wangoti mbuu ndi dzuwa la Okutobala. Fumbi pamsewu, fumbi pamasamba a mango, fumbi pampando wa nsungwi umene ankakhalapo a Lifeyo, amuna ake.

Mawa akuchimuna akubwera kudzagawa katundu wa malemu. Tivi ndi deki zipita kwa a Yotamu, alamu ake. Anagwirizana kale, ndipo iye sanatsutse, Nachisale satsutsa. Koma m'dekimo muli chimbale, ndipo pachimbalepo pali kanema amene anasiyidwa pakati. Watsala ndi masana a lero okha.

A Lifeyo ankakonda makanema a zachiwembu, aja omasuliridwa m'Chichewa, munthu waphedwa m'nyumba yokhoma, otsala nkumalozana zala. Loweruka masana ankabwera nacho chimbale kuchokera kumsika, kuchipukuta pamalaya, nkukhazikika. Sankaonera mwakachetechete ayi. Ankakangana ndi apolisi a m'galasimo, ankachenjeza anthu osawamva, ndipo pomaliza ankagamula ngati mphunzitsi wochonga mayeso: uyu wakhoza, uyu wagwa, uyu wangotidyera nthawi. Kanema wabwino, ankatero iwo, ndi amene wakupusitsa mpaka kumapeto.

Iye ankakhala pakhonde, lichero pamiyendo, kusankha nyemba. Pakhonde galasi silioneka, pamangofika mawu. Koma mawu sabisa kanthu. Wonama amamveka, waulemu wopyola muyezo amamveka, wolira mokakamiza amamveka. Nthawi zambiri kanema asanafike pakati, Nachisale ankakhala atamudziwa kale wakuphayo. Sankanena. Mkazi wolekeza Fomu 2 angaone bwanji zimene aphonya abambo owerenga nyuzi? Ankangomwetulira m'lichero.

"Nachisale, ndaimitsa. Tabwerani, mpando ulipo uwu."

"Pitirizani abambo, ndikubwera."

Zaka ndi zaka za ndikubwera. Nyemba zikatha kunkabwera mtedza, mtedza ukatha kunkabwera zochapa, ndipo mpando wachiwiri uja unkangokhala ndi nyuzi.

Loweruka lomaliza lija a Lifeyo anaimitsa osapitirizanso. Anasuzumira pakhomo, limoti ili m'manja.

"Uyu yekhayu sindimaliza ndekha. Ine ndikuti ndi dalaivala. Nanga inu mukuti wapha ndani?"

Iye anali atamva kale kulira kwa mlongo wa wophedwayo, kulira kosalala, kosatsamwa, kosathera mpweya. Yankho linali pamlomo penipeni.

"Ine zimenezo ndizidziwira kuti?"

A Lifeyo anazimitsa, nati tidzamaliza limodzi Loweruka likubwerali, mudzakhale pansi basi. Lachitatu anagwa kunazale ya fodya, kheni yothirira ili m'manja. Loweruka limenelo anthu anali akuchokera kumanda.

Tsopano Nachisale watseka chitseko. Zala zake sizidziwa limoti. Adina apa, adina apo, kenaka galasi ngwee! Kanema wayambira poyambirira. Achotsa nyuzi, akhala.

Ha, kani mawu aja anali ndi nkhope! Dalaivala ndi kamunthu kakafupi, ka maso a mantha. Nyumba yokhoma ija ili paphiri, ndipo m'galasimo mvula ikugwa waa, mvula pamazenera, mvula pamaambulera akuda, pamene kunja kuno malata akuthetheka ndi kutentha. Kuwala kukuvina pakhoma, kukuvina pamanja ake. Amadziwa paliponse pamene a Lifeyo akanafuula. Apa akanati thawa iwe. Apa akanati wapolisi uyu ngogona. Malo amenewo ali gwaa, ngati mano oguluka. Kanema wopanda wokangana naye ndi wozizira.

Apitirira pamene anaimitsira paja. Kuyambira apa, ndi maso ake okha. Mvula ikata, wapolisi atembenuka pang'onopang'ono, ndipo unyolo ugwera pamikono ya mlongo uja.

"Ndi mlongo wake, abambo," atero Nachisale, atayang'ana mpando wa nsungwi. "Dalaivala munangomunamizira. Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Enanso aja ndinkawadziwa."

Mawu ake amveka aakulu m'nyumbamo, achilendo. Adikira kutsutsidwa. Adikira kuseka kuja komenya ntchafu, kuja koti inu mayi inu, zaka zonsezi mumangondionera? M'nyumba muli zii. Kutali njinga yamoto idutsa, fumbi lilowera pansi pa chitseko.

Wina ayenera kugamula.

"Kanemayu wakhoza," anong'ona. "Anakupusitsani."

Azimitsa. Galasi libwerera bii, koma savundikira msanga. M'menemo mukuoneka mipando iwiri yoyandikana. Pa umodzi pali fumbi. Pa winawo pali mkazi wa duku lakuda, manja opanda lichero, wakhala pansi. Wabwera.